Mpopi wa Kunja kwa Mpanda

Lefina anali pakhonde, laputopu ili pamiyendo, pamene amayi ake analowa pachipata akuchokera ku Chigwirizano. Sanayimbe kanyimbo monga amachitira Lachinayi lililonse.

"Ndakumana ndi a Fainala kumunsi kwa tchalitchi," anatero akuvula nsapato. "Akuchokera kumjigo wa kusukulu, ndowa ili pamutu. Ndi miyendo yotupa ija! Ndawapatsa moni, angoti 'tili bwino,' maso ali kumbali."

A Mphepo, bambo ake a Lefina, ankasoka thumba pansi pa mtengo wa mango. Anaika singano pansi.

"Kumjigo wa kusukulu?" anafunsa motsitsa mawu. Kenaka anayang'ana mwana wawo. "Lefina, kabokosi kako kaja kamatani tikachoka pakhomo?"

Lefina amalemba mapulogalamu ku Lilongwe, ndipo anabwera kwawo ku Wimbe patchuthi. Mwezi wathawo payipi ya madzi ya pakhomopo inaphulika makolo ake ali pamzere wa fetereza wa sabuside ku Chamama. Thanki yonse inatha, nazale ya fodya n'kukhala masiku awiri osathiriridwa. Ndiye iye atafika sabata yatha anamangirira kabokosi pathanki, nalemba pulogalamu yoti kaziuza valavu, chotsekera madzi, nthawi yotseka ndi yotsegula. Kabokosiko kankadziwa kuti pakhomo pali anthu poona mafoni awo ali pafupi.

"Lamulo lake ndi lalifupi, Bambo," anatero monyadira, akuwatembenuzira laputopu. "Ngati pakhomo palibe foni ya aliyense, madzi n'kuyamba kutuluka, ndiye kuti payipi yaphulika: tseka. Taonani, kagwira kale kudontha katatu. Lolemba, Lachiwiri ndi dzulo."

"Nthawi yanji?"

Lefina anawerenga. Masiku atatu onsewo inali nthawi imodzi, cha m'ma naini koloko m'mawa, iwo ali kudimba. Payipi yophulika siyang'ana wotchi.

"Safunsa anadya phula," anatero a Mphepo, koma mosakalipa. "Khala pansi bwino ndikuuze."

Anafotokoza kuti chimwalirireni amuna awo, a Fainala, oyandikana nawo nyumba, amabwera kudzatunga pampopi wa kunja kwa mpanda. Ndi mayi wamanyazi, wosafuna kuoneka wopempha, choncho amadikira kuti pakhomo pakhale zii. A Mphepo anazindikira zaka zitatu zapitazo ataona mapazi pamatope. Mpopi umenewo anautulutsa kunja dala, n'kumauza anthu kuti ndi wotsukira makasu.

"Makasu ake ati?" anaseka amayi. "Inu munatsukapo khasu chikwatirane? Ine ndinkadziwa. Mumayesa sopo ndimasiya pamwala paja ndimamuyiwala?"

A Mphepo anawayang'ana akazi awo modabwa.

Lefina ndiye anagwa nkhope. Anaona m'maganizo mayi wokalamba akutsegula mpopi, madzi akutuluka pang'ono n'kuduka, masiku atatu otsatizana. Munthu angaganize chiyani, kupatula kuti eni ake atopa naye?

"Ndipita ndikapepese," anatero.

"Ayi, mwanawe," anatero a Mphepo. "Usatero. Ukapita, adziwa kuti timadziwa. Sadzapondanso pano. Konza kabokosiko basi."

Lefina anatsegula pulogalamu ija. Kuchotsa lamulo lonse sikukanatheka, chifukwa payipi ikanaphulikanso nazale ikanafa. Anafunsa amayi ake kukula kwa ndowa ya a Fainala.

"Ya malita makumi awiri, koma sadzaza. Lachisanu amabwera kawiri, amachapa."

Analemba mwatsopano, akuwerenga mokweza kuti makolo ake amve. Ngati pakhomo palibe munthu, ndipo madzi otuluka sanapitirire malita makumi asanu, usatseke. Ngati apitirira, tseka, n'kutumiza uthenga pafoni ya Bambo.

"Zakhala bwino," anatero amayi. "Koma iwo adziwa bwanji kuti madzi abwerera? Kabokosiko kapita kukawagogodera?"

A Mphepo anatolanso singano, nasoka pang'ono, nasiyanso.

"Njira ya kumjigo imadutsa pomwepo," anatero. "Mawa ndiusiya mpopi ukudontha, pansi nditchere beseni lachitsulo. Lija limalira ngati belu la kusukulu. Amva okha."

"Ndiye kabokosi kawerenga madonthowo, Bambo. Akadzabwera, malire akhala atakwana kale."

"Kweza malirewo."

"Payipi ikaphulika mutaya madzi ambiri."

"Amene anatipatsa chitsime sanatiwerengere malita," anayankha a Mphepo. "Kweza."

Lefina anafufuta makumi asanu, nalemba makumi asanu ndi atatu.

M'mawa mwake, atapemphera, a Mphepo anatsegula mpopi pang'ono. Beseni linayamba kulira, ta, ta, ta. Pachipata anaimitsa onse ngati wapolisi wa pamsewu.

"Mafoni! Aliyense aonetse yake. Ikatsala imodzi, sitidziwa ngati lamulo latsopanoli likugwira."

Kudimba anathirira mpiru, nazula udzu pakati pa mbande. Lefina ankangosuzumira pafoni ya bambo ake, koma uthenga sunabwere. Dzuwa litafika pamutu anabwerera.

Beseni analipeza lotsukidwa, litavundikiridwa pamwala. Mpopi unali wotsekedwa, ndipo pakhosi pake panali pomangidwa mwamphamvu ndi mphira wa chubu cha njinga. Lefina anayang'ana palaputopu: nthawi ya naini koloko, malita khumi ndi asanu ndi atatu anatuluka, valavu osatseka.

Madzulo a Fainala anadutsa panjira, akutsimphina pang'ono. Anaima pampanda.

"A Mphepo, mwaswera? Mpopi wanu wa makasu umadontha. Ndinangodutsa, ndamangako kamphira. Madzi ndi osowa, musamawataye."

"Mwatithandiza kwambiri, mayi," anatero a Mphepo, atavula chipewa. "Ife timachoka m'mawa. Muzitiyang'anirako tsiku lililonse."