Kamtanda Paphazi la Mwana Wanga

Zaka ziwiri zathunthu ndinkamunena mwana wanga wamkazi kuti ndi mlesi. Ine ndimadula nsalu, iye amapalasa makina osokera. Akapalasa pang'ono ankaima, n'kugwira katumba.

"Amayi, phazi lachita dzanzi."

"Dzanzi lakolo limadziwa bwanji nthawi ya ntchito? Ponda!"

Ankapondadi. Mpaka tsiku lomwe anavula nsapato, ine n'kuona zala zitatuwa, zozizira ngati za mtembo.

Kuchipatala adokotala anamupaka mafuta kuseri kwa bondo, n'kuikapo kachipangizo. Tinamva magazi akuyenda: fu, fu, fu.

"Kankha phazi pansi ngati ukuponda makina aja," anatero adokotala.

Anakankha. Zii.

"Mwamva, mayi? Mnofu wa katumba unamera mokhota. Akaponda umapana mtsempha, magazi osadutsa."

Ndinafunsa kuti nanga kuponda tsiku lonse kumautani mtsemphawo. Adokotala anangoweramira pepala lawo.

Pepalalo anandiwerengera, poti mwana ndi wazaka 16, wovomereza ndinali ine. Amugoneka chafufumimba, ang'amba kuseri kwa bondo, adula mnofu wopanawo. Akapeza mtsempha utawonongeka, achotsa wina kumwendo winawo n'kulumikiza.

"Ayi. Ndabweretsa mwendo umodzi, inu mukufuna iwiri?"

"Amayi, mukuyesa muli pamsika?" anatero mwana.

"Khala chete iwe. Adokotala, wabwinowo musaukhudze. Wodwalawo mundibwezere wonse, mpaka chikhadabo."

"Zonse ziwirizo sindingalonjeze, mayi."

Ine amene sindinagonjerepo wogulitsa nsalu aliyense, ndinadinda chala.

Anamutulutsa patatha maola anayi, miyendo yonse iwiri ili m'mabandeji. Mtsempha anaupeza utatsekeka kale. Sindinakalipe. Ndikanakalipira ndani?

Anamwino ajambula kamtanda ndi cholembera pamwamba pa phazi, pomwe magazi ayenera kugunda. Amabwera ola lililonse, kugwira pamenepo, kulemba, n'kumapita. Ati tidziwa mkucha ngati mwendo wapulumuka. Akatuluka ndimaikapo chala changa. Chinachake chimagunda ndithu. Koma mayi wa pabedi loyandikana wandiuza kuti chala cha munthu chimagundanso pachokha, moti mwina ndikungodzimva ndekha.

Masana ano mwana watsegula maso, wandipeza nditagwira.

"Amayi, lafunda?"

"Gona iwe," ndamuuza. Chala sindinachotse.