Kabango ka Mpongozi

"Amai, muwauze atate kuti mbedza iyo ni ikulu maningi."

Inonge ananena mawuwa atakhala pathumba pansi pa mtengo wa mango, maso ali pansi. Apongozi ake aamuna, a Sanford, anali m'mphepete mwa dziwe, mapazi khumi okha kuchoka pamene iye anakhala, ndipo anamva zonse bwinobwino. Koma pakhomo pawo ku Nkomeshya mkazi wa mwana sankalankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso. Mawu onse ankadzera mwa a Eneless, akazi a a Sanford, amene anali chiimire pakati pa awiriwo atagwira m'chiuno.

"Mwamva, atate Kabwe? Ati mbedza yanu ni ya ng'ona," anatero a Eneless.

"Muuze kuti mbedza iyi inayamba kugwira nsomba iye akalibe kumera mano," a Sanford anayankha osacheuka.

Sankanama ayi. Aliyense wa mbali imeneyo ankadziwa kuti pa milamba ya mu mtsinje wa Chongwe panalibe wowaposa. Koma lero nkhani sinali ya milamba. Zaka zitatu zapitazo mwana wawo Kabwe, mwamuna wa Inonge, amene amayendetsa minibasi ya ku Lusaka, anawabweretsera tiana ta nsomba zotchedwa kaapu, zija za mamba akuluakulu ndi tindevu pakamwa. Akatumbu anadyapo, chilala chinatengapo zake, ndipo pofika Okutobala uyu m'dziwemo munatsala zazimuna zingapo ndi zazikazi ziwiri zokha. Ziwirizo zinali zitatupa mimba ndi mazira. Zinafunika kusamutsidwa zamoyo kupita m'dziwe laling'ono limene a Sanford anakumba kumtunda, chifukwa m'dziwe lakaleli munalowa milamba yomwe ikanatha mazirawo tsiku limodzi. Ukonde anayesa kawiri, koma unang'ambika pa zitsa za pansi. Njira inatsala ya mbedza basi.

Wodziwa kugwira kaapu osaipweteka anali Inonge, poti asanakwatiwe anagwirapo ntchito pa famu ya nsomba ku Kafue. Koma anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo pamatope poterera pamenepo sakanalimbana ndi nsomba yolemera ngati khanda. Komanso ndani akanalanda a Sanford nsungwi yowedzera pa dziwe lawo lomwe?

Inonge anangochita zimene akanatha. Anadula kabango kotalika ngati chala, n'kupaka kunsonga kwake kyutekisi yofiira ya m'zikhadabo kuti kazioneka poyandama pamadzi nsomba ikamadya nyambo. Anatulutsa mbedza yaing'ono m'kabotolo ka mankhwala a mutu, n'kufinya kadzino kake kam'mbuyo ndi pulayazi mpaka kanagona. Zonsezi, pamodzi ndi kamtovu komiza chingwe ndi nati yachitsulo yopimira madzi, anapatsa a Eneless ndi manja awiri.

"Amai, muwauze ayambe apima kuzama kwa madzi na nati iyi. Kabango akamangilile pakuti chimanga chizigunda chabe pansi. Chingwe chikagona pansi chambili, nsomba izameza kabango kakalibe kukamba kanthu."

A Eneless anabwereza, akuwonjezamo mchere wawo. A Sanford anayeza madziwo monyinyirika. Kabango anakalandira, kamtovu kapafupi ndi mbedza anakalandiranso. Koma atayang'ana mbedza yopanda dzinoyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Iyi ni mbedza olo ni singano? Nsomba izanipatsa moni chabe na kuyenda."

Anaiponya m'thumba la malaya n'kumanga yawo ija yakale, yakuda, ya dzino lakuthwa. Inonge anaona, koma mawu oti "ayi" kwa apongozi ndi olemera ngakhale adzere mwa munthu wina. Anangosisita mimba yake.

A Sanford anamwaza gaga pamadzi, n'kukoleka njere ziwiri za chimanga chophika pa mbedza. Dzuwa linakwera. Patapita nthawi, pafupi ndi kabango panayamba kutuluka tithovu.

"Amai, muwauze kuti kakangonyamuka olo kumila pang'ono, akoke pamene apo. Asayembekeze."

"Ati musagone, mudala."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero a Sanford. "Nsomba uileka idye. Ukathamanga uigwila mphepo."

Umu ndi mmene bambo awo anawaphunzitsira, ndipo kwa mlamba ndi nzeru yabwino. Mlamba umausiya umeze mpaka m'mimba, chifukwa ukupita nawo kumoto, ndiye ukavulala ndani adandaule? Dzanja la a Sanford linali litazolowera zimenezi kwa zaka makumi anayi.

Kabango kananyamuka, kanagona chammbali, kenaka kanamira.

"Amai, muwauze akoke."

"Ati chani?" anafunsa a Eneless, poti mpongoziyo ananong'oneza.

"Akoke, amai, akoke manje."

"Ati kokani."

A Sanford sanakoke. Anawerenga chamumtima monga mwa masiku onse, mpaka chingwe chinayamba kuyenda chokha cholowera pakati pa dziwe. Apo ndiye anadzutsa nsungwi, ndipo inapindika mpaka nsonga kugunda madzi. Analimbana nayo nsombayo mwaluso ndithu, tisawamane. Atafika nayo kumtunda anatembenuka akumwetulira, kuti akazi awiriwo aone kuti galu wamkota sakandira pachabe. Inali imodzi mwa zazikazi zija, yonenepa, yonyezimira ngati mkuwa.

Koma mbedza sinkaoneka. Chingwe chinangolowa m'kamwa n'kupitirira.

Inonge anadzuka movutikira. "Amai, muwauze asadonse. Adule chingwe chabe, mwina izapona."

A Eneless asanamalize kutsegula pakamwa, a Sanford anali atapisa kale chala kukhosi kwa nsombayo n'kukoka, monga ankachitira ndi milamba. Mbedza inatuluka ndi kanyama kofiira. Magazi anayamba kuchucha m'mbali mwa mutu, mmene nsomba imapumira. Anathamanga nayo kudziwe latsopano, anaigwira m'madzi, anaikankha uku ndi uku. Inatsegula pakamwa kangapo, kenaka inatembenuka mimba kumwamba.

A Eneless anainyamula pa mchira n'kupita nayo kunyumba.

Atang'amba mimba yake, mazira anadzaza mbale yonse ya ndiwo mpaka kusefukira. A Eneless sanabise mbaleyo. Anaiika dala pakhonde pamene amuna awo anakhala, n'kupitiriza kupala mamba.

"Welengani ana anu," anatero.

A Sanford anayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Zinawawawa kwambiri, ndipo chowawa koposa chinali chakuti panalibe wina womuloza chala. Zaka zitatu akusenza gaga ndi masamba a mbatata kupita kudziwe, akuthamangitsa akatumbu ndi agalu, lero wopha anali iwo eni. Masana amenewo ndiwo inali yonona, fungo linafika mpaka kwa aneba, koma iwo anangodya chibwabwa.

Madzulo ake Inonge anapita kukatunga madzi ku mjigo, ndipo a Eneless anapeza mpata.

"Yatsala imodzi, atate Kabwe. Mukaipha na iyo, dziwe lija muzasungamo achule."

"Nadziwa."

"Mudziwa chani? Mwana uja anakamba zonse. Safunsa anadya phula, koma imwe munauzidwa, phula munadya ndithu."

"Mau ake amafika mochedwa. Akambe iye, mufunse imwe, mubwereze, nsomba yameza kudala."

"Ndiye mulandu ni wanga manje?"

"Sininatelo."

"Kokani ninakamba. Munamva. Munakhala monga chitsa."

A Sanford sanatsutse. Anatambasula dzanja lawo lamanja n'kuliyang'ana ngati la munthu wina. "Dzanja ili silimvela kabango," anatero. "Nikaona kamila, mtima ukamba kuti leka idye. Ningalumbile lelo, mailo nizachitanso chimodzimodzi."

"Ndiye mupatseni wina nsungwi."

"Ndani? Imwe muopa na chule. Kabwe azabwela mvula itagwa kale."

Zinali zoona. Mitambo inali itayamba kale kuunjikana chakum'mawa masana alionse. Mvula yoyamba ikangogwa, nsomba ija ikanataya mazira ake m'dziwe la milamba, ndipo chaka chikanapita pachabe.

Anadikira masiku awiri kuti dziwe likhazikike, akumwaza gaga pamalo amodzimodzi m'mawa uliwonse. Tsiku lachitatu a Sanford anatuluka m'nyumba atanyamula nsungwi ndi timipando tiwiri. Pakhomo anaima n'kuloza nkhuku yamawanga imene inkapalasa pafupi ndi nkhokwe.

"Amake Kabwe, uzani mpongozi kuti nkhuku ija ni yake. Ni yomutsegula pakamwa."

A Eneless anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwadwala?"

"Muuzeni chabe. Lelo akhale pafupi na ine. Akaona chinthu aniuze yeka."

Inonge atamva, anagwada pomwe anali n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Manyazi anamugwira kwambiri. Zaka zinayi ali pabanjapo anali asanakhalepo pampando apongozi ake ali pafupi, ndipo akakumana nawo panjira ankapatukira m'udzu.

"Amai, anthu azakamba chani?"

"Anthu sadyela m'dziwe lathu. Tiye."

Kudziwe a Sanford anaika timipando tija moyandikana. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kambedza kopanda dzino kaja, ndipo anakamanga okha popanda wowauza. Anayeza madzi ndi nati kawiri konse, n'kusuntha kabango mpaka kansonga kofiira kokha kanatsala pamwamba. A Eneless anaviika thumba m'madzi n'kudzaza beseni lalikulu. Inonge anakhala m'mphepete mwa kampando, atapotolozera mawondo kumbali, maso ali pa kabango basi.

Koyamba kabango katagwedezeka, pakamwa pake panakana. Anatembenukira kwa a Eneless mwa chizolowezi, ndipo pamene ankati ayambe "Amai," kabango kanali katabwerera kale. Chimanga chinapita. Mwamwayi nsombayo inalavula mbedza.

"Nkhuku yanga yayenda mahala, yapita pachabe," anatero a Sanford akukoleka chimanga china. Sanakalipe. A Eneless anaseka, ndipo Inonge anabisa nkhope m'chitenje.

Kachiwiri ananena, koma motsitsa. A Sanford anamva n'kukoka, ndipo inatuluka yaimuna yaing'ono, mbedza ili pamlomo. Anaiika m'beseni n'kupita nayo kumtunda, poti zazimuna nazonso zinkafunika. Patapita ola anagwira yaimuna ina. Dzuwa linayamba kuwawa pamsana, ndipo a Eneless anayamba kunena zoti abwerenso mawa.

Ndipamene tithovu tambiri tinatulukira, tikuyenda pang'onopang'ono molunjika pa kabango. Inonge anaweramira kutsogolo. Kabango kananjenjemera, kanaima, kenaka kananyamuka mpaka theka lake kuonekera pamwamba pa madzi. Sikanamire ayi. Kwa a Sanford chimenecho sichinali kanthu, ndipo dzanja lawo linangokhala phee pa nsungwi.

"Kokani, atate."

Ananena momveka, mwa mawu olamula, ngati mmene ankanenera kwa anzake ku famu. A Sanford anakoka asanaganize. Nsungwi inapindika, chingwe chinalira, ndipo madzi anatumphuka pakati pa dziwe.

"Musaleke chingwe chilefuke, atate, mbedza ilibe dzino. Nsungwi m'mwamba. Ilekeni ithamange. Manje bwezani pang'ono."

A Sanford anachita chilichonse chimene anauzidwa, thukuta likutsikira m'maso. Nsombayo inalowera ku zitsa, iwo anaipotoza. Inabwereranso, anaipotozanso. Itatopa, analowa m'madzi mpaka m'mawondo, ndipo a Eneless, oopa chule aja, analowa nawo atatambasula thumba lonyowa.

Inali yaikazi yotsala ija, yaikulu kuposa inzake. Mbedza inali pakona pa mlomo, poonekera.

"Nyowetsani manja poyamba, atate. Musaifinye pamimba."

A Sanford anaviika manja, anagwira kambedzako ndi zala ziwiri, ndipo kanatuluka kokha popanda ngakhale dontho la magazi. Anakayang'ana kanthawi, akupukusa mutu. Kenaka anaifungatira nsombayo m'thumba lonyowa, n'kuyenda nayo mofulumira koma mosamala mpaka kudziwe latsopano. Anagwada m'matope n'kuigwira m'madzi ndi manja onse awiri. Inapuma kamodzi, kawiri, kenaka inamenya mchira, inawathira madzi kumaso, n'kulowa pansi.

Anakhalabe chogwada, akuyang'ana pamene inalowera. Mtima wawo unali utakhala pansi koyamba m'masiku atatu.

Pobwerera kunyumba anayenda monga mwa masiku onse, a Sanford patsogolo ndi nsungwi paphewa, a Eneless pakati atasenza beseni, Inonge m'mbuyo akupuma mwa befu. Atafika pa munda wa chinangwa, Inonge anakumbukira kuti ntchito sinathe. Manyazi aja anali atabwereranso.

"Amai, muwauze atate kuti mailo tifunika kuika udzu m'madzi, pakuti mazila..."

A Sanford anaima panjira n'kutembenuka. Anamuyang'ana mpongozi wawo kumaso, zimene anali asanachitepo.

"Nili na makutu, mwana wanga," anatero. "Kamba na ine. Udzu wa bwanji?"