Mazira a ba Ennie

"Nindani anauza bantu kuti mazira yanga niyoola?"

Ba Ennie anafunsa ali chiimire pakhomo la ofesi ya aphunzitsi, tileyi ya mazira ili m'manja. Ahedi, a Mukupa, anatsitsa magalasi awo n'kuyang'ana Vera Chisenga, mphunzitsi wa sayansi, amene anali atangomaliza kuchonga makope a giredi eyiti.

Nkhani inayamba Lolemba. Buku linkafuna kuti ana adziwe chifukwa chake chinthu chimayandama mosavuta m'nyanja yamchere kusiyana ndi mumtsinje. Mwa ana makumi asanu ndi awiri a m'kalasimo panalibe amene anaionapo nyanja yamchere, ndipo Vera nayenso ankangoionera pa foni. Choncho anadula mabotolo awiri apulasitiki, anatunga madzi pa kiyosiki yogulitsira madzi, nagula dzira kwa ba Ennie pamsika wa m'komboni. M'botolo limodzi anathiramo mchere wochuluka kuposa wa m'nyanja yeniyeniyo, kuopa kuti dziralo lingamuchititse manyazi.

M'madzi wamba dzira linamira. M'madzi amchere linakwera n'kukhala pamwamba. Ana anakuwa, ena kukwera pamadesiki. Vera anafotokoza kuti madzi amchere ndi olemera kuposa madzi wamba a muyeso womwewo, n'chifukwa chake amalinyamula dziralo, koma mawu ake anafika mizere iwiri yakutsogolo yokha. Wina anafunsa kumene dziralo linagulidwa, ndipo Luyando, mwana wa ba Ennie, anaimirira monyadira nati n'la amayi ake.

M'komboni ya Kanyama imeneyi mayi aliyense amadziwa kuyesa dzira: ukaliponya m'madzi n'kuyandama, ndiye kuti n'loola. Ana anafika kunyumba ndi dzira loyandama, mchere anausiya kusukulu.

"Wa vitumbuwa analeka kugula," anatero ba Ennie. "Uja amene amakazinga mazira pa siteshoni ya mabasi anabweza matileyi yonse. Zaka naini nigulitsa pa malo paja, ba ticha."

"Pepani, amake Luyando. Khalani pansi ndikuonetseni. Dzira lija linali labwino, ndi mchere umene..."

"Niziba. Luyando ananiuza katatu, mpaka anajambula pansi na kamtengo. Vuto sindine."

A Mukupa anapumira m'mwamba. "Ba Chisenga, mvula ikagwa kuno tiyenda m'madzi mpaka m'mawondo. Imwe mwaona kuti yachepa, mwatibweretsera na nyanja. Anzanu amalemba chabe pa bolodi, ana bakopa, bapasa."

Vera anali ataphunzitsa makalasi atatu opanda chakudya m'mimba, ndipo choko chinali chitamuumitsa kukhosi. "Tikaweruka ndibwera kumsika," anauza ba Ennie.

Anapitadi, mabotolo ali m'pulasitiki, dzuwa la Okutobala likuwotcha malata a matebulo. Ba Ennie anasuntha matileyi kuti pakhale malo. Anthu anayamba kusonkhana, monga amachitira kukakhala ndewu.

Vera anatenga dzira pamwamba pa tileyi. Linamira m'botolo loyamba, linayandama m'lachiwiri. Kenako analiswera m'mbale kuti onse aone. Linali labwinobwino, lopanda fungo.

"Mwaikamo chani umo?" anafunsa ba Mwaba, mayi wa vitumbuwa uja.

"Mchere basi. Lawani."

"Awe, lawani mweka."

Vera anaviika chala n'kulawa. Anthu anaseka. Anayambanso kufotokoza za kulemera kwa madzi, za zombo zikuluzikulu zimene zimakwera pang'ono zikachoka mumtsinje kulowa m'nyanja. Bambo wina wokonza nsapato anamudula mawu.

"Si ba ticha ba mwana wa ba Ennie aba? Manje bangakambe kuti niyoola?"

"Ilo baswa nilabwino, taona," anatero ba Mwaba. "Nanga lija la pa Mande?"

"Ndinadya," anayankha Vera.

"Ndiye mwaonda chonchi."

Anthu anasekanso, kuseka kopanda nkhanza, n'kuyamba kubwerera ku matebulo awo. Ba Mwaba anatsalira pang'ono. Anagwira dzira limodzi, analigwedeza pafupi ndi khutu, analibwezera pamalo pake.

"Amake Luyando, ine nilibe nkhani na imwe. Koma bakaniona nagula pano, bazakamba kuti vitumbuwa vanga navo viyandama. Madzi akatayika saoleka, mukudziwa."

Anapita. Patebulo panatsala mbale ya dzira loswa, ntchentche zitayamba kale kuizungulira. Vera anakhala pa kireti ya zakumwa, miyendo ikumuwawa. Anaganiza zogula tileyi yonse, koma anadziwa kuti tileyi imodzi singabweze dzina la munthu, ndiponso kuti ba Ennie akanakana.

Ba Ennie anatenga dzira lina, analiika m'botolo la mchere, nalikankhira pansi ndi chala. Linabwerera pamwamba. Analikankhanso, linabwereranso.

"Bangati bana mu kalasi mwanu?"

"Makumi asanu ndi awiri."

"Na bonse bali na banyina."

"Ambiri."

Ba Ennie anavuula dziralo, analipukuta ndi chitenje n'kulibwezera pa tileyi. Anakhuthula madzi a botolo loyamba m'ngalande, koma la mchere analiika pansi pa tebulo, pambali pa chikwama chawo. Kenako anayamba kufunditsa matileyi ndi nsalu, ngakhale kuti msika unali usanathe.

"Mawa sinibwera kuno," anatero akumanga mfundo. "Nibwera ku kalasi kwanu na tileyi yanga, bana bonse baone bwino, bakauze banyina. Munisungire mpando kutsogolo."