Kompyuta Ilibe Chibwibwi

Ine Dainess ndili ndi chibwibwi, komboni yathu yonse ya Ngungu kuno ku Kabwe ikudziwa. N'chifukwa chake ndinakonda mawu a m'kompyuta aja: iwe umangolemba, mzimayi wosaoneka n'kuwerenga osapunthwa. Ndinkatenga timauthenga timene timatulukira pa sikirini makina akakanika, n'kutilemba mwanga, mayiyo n'kumawerenga mwaulemu ngati nesi. "Pepani bwana, fayilo yanu yapita kumaliro ku Chipata." Anthu ankafa nazo kuseka.

Musonda, mnyamata wa m'kwaya yathu wokhala ku Highridge, ndinamuphunzitsa ndine. Ankabwera pa kashopu ka amalume komwe ndimasindikiza mapepala ndi zithunzi, ine n'kumamuonetsa kudula vidiyo ndi kuikamo phokoso. Chitsiru ine!

Lamlungu la achinyamata abusa anandipatsa vesi loti ndiwerenge kutsogolo. Ndinalimbana nalo mpaka thukuta kamukamu. Pofika madzulo vidiyo ili pa foni ya aliyense: paliponse pamene lilime langa lagwira, kabelu ka kompyuta kalira, uthenga n'kutulukira pankhope panga, mayi wanga wa m'kompyuta yemwe uja akuwerenga: "Dainess sakuyankha. Dikirani kapena mutsekeni." Ngakhale kondakitala wa minibasi ankandilizira kabeluko ndi pakamwa. Ndinalira, sindibisa. Kenako mtima unapsa, ndipo ndinalumbira kuti Musonda, galu amene anapanga vidiyoyi, andiona.

Musonda anali atatomera Lorraine, mwana wa mkulu wa mpingo. Nanga zithunzi za atsikana ake enawo ankasindikiza kwa ndani? Ndinakhala pansi n'kulemba. Mayi uja anawerenga modekha: "Mtima wa Musonda wadzaza. Chotsani mmodzi kuti mupitirize: Lorraine, Chansa wa ku Mpima, kapena Vainess wa pa saluni." Kabelu ngwee! "Musonda wakana kuchotsa. Akufuna kuonjezera wina." Vidiyoyo inayenda ngati moto wa m'tchire.

M'mawa mwake Musonda anatulukira pa shopu, makasitomala ali thithithi, foni ali nayo m'mwamba akundijambula. Kumbuyo kwake kunali Lorraine, maso ali psuu.

"Iwe, ubisala kumbuyo kwa mashini!" anakuwa Musonda. "Kamba na kamwa yako manje, tione ngati uzakwanisa!"

Ankadziwa bwino chimene akuchita. Ndikangotsegula pakamwa, Kabwe yonse indisekanso. Ndikakhala chete, ndine wabodza.

Lorraine anamukankhira pambali. "Dainess, niuze chabe. Ni zoona?"

Kompyuta inali pomwepo, zala zikuyabwa kuti ndilembe, mayi uja andinenere. Ndinaitseka.

"Zo… zo… zo…" Lilime linakana. Wina anayamba kuseka, mayi wina wodzasindikiza kalata ya ntchito n'kumugunda ndi chigongono. Lorraine anangoima, akudikira.

"Zoona," liwu lija linatuluka. Dzina la Chansa linandivuta koopsa, la Vainess ndiye linachita kunditulutsa misozi, koma ndinawatchula onse, ndi masiku amene ankabwera nawo, ndi malaya amene anavala pa zithunzizo. Zinatenga nthawi, ndipo palibe anachoka.

Lorraine anavula mphete, n'kuiika pamwamba pa makina osindikizira, n'kutuluka osacheuka. Musonda anatsala foni ikadali m'mwamba, waiwala kuti ikujambulabe.

Ndinamuloza. "Iyo… iyo… iyonso uitumize."