Kugwada kwa Mtisunge

Mtisunge ankafuna chinthu chimodzi chokha pansi pano: kukwatira Thelma, mtsikana wa ku Chipata amene ankalandira alendo pa hotelo ina ku Al Barsha mu mzinda wa Dubai, pomwe Mtisungeyo ankalondera pakhomo. Thelmayo anali atalola kale. Vuto linali amalume ake, a Nason, oyendetsa basi ya sukulu ku Al Furjan. Bambo amenewo akangopukusa mutu, abale onse ku Chipata ankapukusa nawo.

"Kunyumba sungawapeze," anatero Thelma. "Loweruka amakhala ku malupanga. Ukawaonere komweko."

Malupanga mu Dubai muno! Mtisunge anayesa nthabwala, koma atapita anapezadi anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, akukhetsa thukuta m'holo pophunzira kumenyana monga ankachitira azungu amakedzana. Mphunzitsi wawo, mzungu wa ndevu zofiira, anamupatsa lupanga lotalika kufika m'chifuwa, lopanda kuthwa. Pamwamba pa chigwiriro panali chitsulo chopingasa ngati mtanda choteteza zala, ndipo kumapeto kwake kunali kachibulunga kolemera koti lupangalo lisagwere kutsogolo. Kumutu anamuveka chisoti cha waya chonga sefa ya ufa.

Tsono Mtisunge analeredwa bwino, ndipo tsoka lake linali lomwelo. Mphunzitsi ankalalikira kuti mdani umamuyang'ana m'maso. Koma mwana wa munthu angawatuzulire maso bwanji amalume a mkazi amene akumufunsira? Atangomuimika pamaso pa a Nason, maso ake anathawira pansi okha.

Pho! Lupanga pachisoti.

"Iwe, uyang'ana chani pansi?" anafunsa a Nason m'Chinyanja chawo cha ku Zambia. "Wagwetsa singano?"

"Ayi, bambo. Zikomo, bambo."

Pho! Kachiwiri.

Zinapitirira choncho Loweruka lililonse. Mtisunge ankamenyedwa n'kumathokoza. Akapeza mpata woti abwezere, manja ankachita dzanzi. Nkhani ya ukwati ankaikonza bwinobwino ali m'sitima ya Metro, koma akafika pamaso pa chisoti cha a Nason inkasungunuka. Mutu unkalira ngati belu la tchalitchi mpaka Lolemba.

Kenako Thelma anabwera ndi uthenga wowawa.

"Amalume akuti ndiwe wamantha. Akuti munthu wolephera kuteteza mutu wake sangasunge mwana wa mlongo wawo."

Mtisunge zinamupweteka kwambiri. Ulemu wonse uja, anthu n'kuutcha mantha! Analumbira kuti Loweruka likudzalo alankhula basi, kaya kugwe chiyani.

Tsikulo mphunzitsi ankaphunzitsa zogwetsana. Anati malupanga akakolana pafupi kwambiri, munthu umataya lako n'kumugwira mnzako ndi manja. A Nason nkhani imeneyi ankaikonda, poti anali ndi thupi lawo ndithu, ndipo m'holo monsemo panalibe amene anawagwetsapo.

"Yalla! Tiyeni!" anakuwa mphunzitsi.

Malupanga anakolana, ngwee! A Nason anataya lawo n'kuthamangira kutsogolo, manja ali tambalale. Mtisunge ataona kuti ataya chida, anati mumtima, mpata ndi uno, akulu akufuna tikambirane. Ndipo nkhani ya ukwati munthu sayankhula ali chiimire. Anaika lupanga pansi mwaulemu, nagwada, mutu zyoli, manja pamodzi.

A Nason anakumbatira mphepo. Miyendo inakodwa pamsana pa munthu wogwadayo, ndipo thupi lonse lija linauluka n'kukagwa chagada, khu! 

"Ndi imeneyotu!" anafuula mphunzitsi uku akuomba m'manja. "Kulowa pansi pa mdani! Wazionera kuti zimenezi?"

Mtisunge sanamumve n'komwe. Anakwawa ndi mawondo mpaka pomwe anagona a Nason. Ukwati uja anauona ukupita.

"Pepani, bambo, sikuti ndimafuna kukugwetsani. Ndimati ndipemphe kuti ankhoswe anga adzakuoneni pa nkhani ya Thelma."

A Nason anavula chisoti pang'onopang'ono, akupumira m'mwamba. Anamuyang'ana mnyamatayo, yemwe maso ake anali adakali pansi.

"Kanshi masabata onse aya unali kunipatsa ulemu?"

"Eya, bambo."

A Nason anadzisisita m'chiuno.

"Khalas, basi yatha. Uwauze ankhoswe ako abwere Sande," anatero. "Koma uwachenjeze. Akafika pakhomo panga, aliyense asayese kugwada."