Basi Yosadikira ku Quelimane

Mayi Mariana a ku Chonde anazolowera maminibasi akwawo, amene sanyamuka asanadzaze. Choncho gulu lawo lokaona malo ku Mozambique litaima pamsika wa ku Quelimane, wotsogolera ulendo n'kuchenjeza kuti asachedwe, iwo anangoyala chitenje pampando wawo m'basi n'kupita kukanenerera nsomba mwachifatse.

Pobwerera anapeza fumbi lokhalokha. Basi inali itapita, pasipoti yawo ili momwemo.

Anakwera kabaza, nsomba zili m'manja, mpaka anakaipeza itaima kumalo omwetsera mafuta.

"Amayi, mwatidetsatu nkhawa!" anadandaula wotsogolera uja.

"Mwana wanga, basi imanyamuka bwanji mpando uli wosakhalidwa?"

M'mawa mwake analowa m'basimo anzawo asanamalize n'kusamba komwe.

"Tiyeni, adalaivala," anatero akukhazikika bwinobwino. "Ochedwawo atipeza kutsogolo."