Mcheni kapena Kampango

Che Abdallah a ku Lifuwu anali ndi njira yawoyawo yolembera anthu ntchito. Munthu akabwera kudzapempha malo m'boti lawo nyengo yopha nsomba ku chilumba cha Mbenji ikamayandikira, sankamufunsa ngati amadziwa kukoka khoka la chilimira. Aliyense amati amadziwa, ngakhale amene amasanza boti lisanachoke padoko. Iwo ankangoti, "Padoko lonseli, mlovi weniweni ndani?" Akatero ankatchera khutu, osati ku dzinalo ayi, koma ku chifukwa chake. Wotama munthu chifukwa cha njinga yamoto ndi foni yaikulu ankabwerera kwawo tsiku lomwelo. Wotama munthu chifukwa choti sasiya chingwe mwera ukavuta ankauzidwa kuti akatenge bulangete lake, ntchito waipeza. Kwa zaka makumi atatu funsoli linawapezera alovi abwino, ndipo ankalinyadira mpaka anthu kutopa nawo.

Panali tsiku limodzi lokha limene sanalifunse. Ismael atabwera kudzafunsira mlongo wawo Safia, anafika ndi nsapato zonyezimira ndi pakamwa pozuna, ndipo Che Abdallah, eni mbumba, anavomera tiyi asanazizire. Patatha zaka zitatu Ismael anakwera basi ya ku Joni, osamvekanso. Safia anamwalira mwana wake Layla ali mu Sitandade 2, ndipo mwanayo anakulira m'nyumba ya amalume ake. Che Abdallah sanadzikhululukire. Sankazinena, koma akazi awo, a Tausi, ankadziwa kuti dzina la Ismael likatchulidwa, tsiku limenelo chakudya chibwerera.

Tsono Layla, amene anali atakhala ku Amereka zaka zisanu ndi chimodzi akusamalira okalamba uku akuphunzira unamwino, anaimba foni Lamlungu lina n'kunena motsitsa mawu kuti, "Amalume, pali munthu."

Munthuyo anali Kamal. Makolo ake anali a ku Khombedza, ndipo anapita naye ku Amereka ali ndi zaka zisanu. Anali Msilamu woswali, woyendetsa lole. Che Abdallah anakwera minibasi kukafufuza okha ku Khombedza. Abale ake anali anthu abwino ndithu, koma za Kamal ankangokumbukira kuti ankakana kuvala kabudula. Umboni wotere sungaperekere mwana wa mlongo wako.

"Ndimufunse chiyani munthu wosadziwa nyanja?" anadandaula pafoni. "Kodi alipo amene amamutama? Amadziwa chiyani iyeyo?"

"Mpira, amalume," Layla anayankha. "Koma wa kuno, wonyamula m'manja. Akayamba kukamba sapuma."

"Basi, ndimufunsa za mpirawo."

Kamal anatumiza timavidiyo khumi ta osewera awiri amene iye ndi anzake ankakangana za iwo tsiku ndi tsiku. Onse awiri ankasewera pamalo amene iye anawatchula kuti raning'ibaki, ndiye kuti munthu amene amapatsidwa mpira m'manja kuti athamange nawo kudutsa pakati pa adani. Che Abdallah analamula kuti mnyamatayo asanene yemwe amamukonda mpaka Lachisanu. Ankafuna ayambe awaona okha.

Tsiku loyamba sanaone kanthu. Mpira wake unali wosongoka ngati papaya, anthu ake atavala zipewa ngati za a kabaza a njinga zamoto, ndipo akathamanga pang'ono onse ankagwerana mulu umodzi. Akadzuka ankakumana pakamsonkhano, kenako n'kukagweranso.

"Mpira wanji wochita kuitanitsa msonkhano mphindi iliyonse?" anatero, magalasi ali pamphuno.

A Tausi, amene ankagwira foniyo chifukwa chala cha amuna awo chinkangotseka zinthu, ndiwo anayamba kuwasiyanitsa osewerawo. Wa malaya ofiira, wowonda miyendo, wothamanga mokhotakhota, anamutcha Mcheni. Wa malaya obiriwira, wamfupi, wa khosi lolowa m'mapewa, anamutcha Kampango. Pofika Lachitatu, ngakhale amayi obwera kudzagula usipa pathandala loyanikapo nsomba ankafunsa kuti Kampango wagona bwanji.

Mcheni sanawasangalatse Che Abdallah ngakhale pang'ono. Inde, liwiro anali nalo, munthu ankachita kuoneka ngati sakuponda pansi. Koma taonani khalidwe lake! Anzake khumi akuphwanyidwa nthiti, iye wapatsidwa chinthu m'manja, n'kuthawa nacho yekha osacheuka. Akafika kumapeto ankavina, chikhamu cha anthu chikukuwa dzina lake, anzake aja akutolera mafupa awo kumbuyo. Tinene zoona, Che Abdallah sankaona malaya ofiira. Ankaona nsapato zonyezimira zikukwera basi.

Kampango ndiye anawagwira mtima, ndipo chinawagwira ndi kavidiyo kamene sanakhudze n'komwe mpira. Mnzake ankafuna kuponya mpira kutali, ndipo chimunthu china chachikulu ngati chitseko cha sitolo chinkabwera kudzamuphwanya. Kampango anangoima pakati, n'kutsitsa mutu, n'kulandira chimunthucho pachifuwa. Anagwa chagada, koma mpira unapita. Palibe anamuwombera m'manja. Anadzuka, n'kukonza chipewa chake, n'kubwerera pamzere. Kavidiyo kameneko Che Abdallah anakaonera mpaka batire kutha.

"Uyu ndingamutenge ku Mbenji," anatero. "Nkhani yatha. Akanena Kampango, ndavomera. Akanena Mcheni, asandiimbirenso."

"Bambo a kuno, mukuti mukana mwana wa eni chifukwa cha mpira umene mwaudziwa Lolemba lapitali?" a Tausi anafunsa.

"Sindikuyesa mpira ine. Ndikuyesa munthu."

"Nanga Layla akalira?"

"Alire chaka chimodzi. Amayi ake analira zisanu ndi ziwiri."

A Tausi anangodzuka n'kukatembenuza usipa. Ankawadziwa amuna awo. Ukali wonsewo unali mantha, mantha a munthu amene analakwitsapo kamodzi ndipo wolipira anali wina.

Lachisanu atabwera kumzikiti ku swala ya Juma, Che Abdallah sanavule mkanjo wawo woyera. Anakhala pampando pakhonde, a Tausi n'kutsamiritsa foni pafulasiki ya tiyi. Kuno dzuwa linali litangopendeka, koma kumeneko kunali kukucha kumene. Layla anaoneka atafunda mpango wabuluu. Pambali pake, patali pang'ono monga mwa ulemu, panali mnyamata wa mapewa aakulu, thukuta lili pamphumi ngakhale ankati kumeneko kukuzizira.

"Asalamu aleikumu, amalume," anatero Kamal. Chichewa chake chinali chotsimphina, koma chinkafika.

"Waleikumu salamu. Anthu ako aja ndawaona. Tandiuza, katswiri ndani?"

Kamal anayang'ana Layla. Layla anamuyang'ana ndi maso opempha.

"Wa malaya ofiira, amalume."

Layla anaphimba nkhope ndi manja. Che Abdallah anakhumudwa, chifukwa ngakhale sankafuna kuvomereza, nkhope ya mnyamatayo anali ataikonda. Anavula magalasi n'kuwapinda.

"Chabwino. Ndamva. Layla mwana wanga, tidzalankhulana tokha."

Anatambasula dzanja kuti azimitse foni, koma a Tausi anaichotsa msanga pafulasiki.

"Simunafunse chifukwa," anatero mayiwo.

"Palibe chofunsa apa."

"Zaka zonsezi mwatiboola m'makutu kuti dzina si kanthu, chachikulu n'chifukwa chake. Alovi onunkha usipa mumawamvetsera mpaka amalize. Uyu yekha ndiye mumudula pakamwa?" Anabwezera foni pamalo pake. "Ndipo ndikuuzeni ndekha musanamve kwina. Lachitatu ndinamutsina khutu Layla kuti yankho ndi Kampango. Mnyamatayu wabwera akulidziwa."

Che Abdallah anawayang'ana akazi awo ngati awameze. Kenako anabwezera magalasi pamphuno pang'onopang'ono.

"Iwe, n'zoona? Unkadziwa chimene ndikufuna kumva?"

"Eya, amalume. Layla anandipempha. Anandikalipira dzulo lonse."

"Ndiye bwanji sunanene?"

"Wobiriwirayo ndi wabwino kwambiri. Koma mwandifunsa katswiri. Ndikanama lero, tsiku loyamba, mawa mudzandikhulupirira bwanji?" Anapukuta thukuta. "Ndiloleni ndikuonetseni chinthu chimodzi."

Anatenga kompyuta yake n'kuiyandikitsa pafoni. Kanali kavidiyo kachitatu, kamene Che Abdallah ankadana nako kuposa tonse, koma tsopano kankayenda pang'onopang'ono ngati anthu akuyenda m'madzi.

"Musayang'ane mpira, amalume. Yang'anani dzanja lake lamanzere."

Che Abdallah anasendera pafupi. Mcheni analandira mpira, koma sanathamange. Sabata yonse iwo sanazione zimenezi. Anapita kumbuyo kwa mnzake wina wonenepa, n'kuika dzanja pamsana pake. Phazi limodzi. Lachiwiri. Lachitatu. Adani akubwera mbali zonse, iye akuyendabe kumbuyo kwa mnzakeyo, dzanja lili pamsana. Wonenepa uja atakankha anthu awiri, panatseguka kampata kochepa, ndipo m'pamene Mcheni anachoka ngati mwala wa palegeni.

"Liwiro ambiri ali nalo," anatero Kamal. "Ngakhale ine ndinali nalo, ndinkasewera malo omwewa kusukulu. Koma ndinkaona ngati anzanga akutsogolo akundichedwetsa. Tsiku lina ndinawapitirira asanatsegule njira." Anakweza mwendo wa buluku n'kuonetsa bondo. Chipsera chake chinali chachitali ngati chikhatho. "Mpira wanga unathera pamenepa. Ndiye ndikamuona uyu, mtima ukumuuza kuti thawa, iye n'kumadikira, ndimati ameneyu ndiye katswiri. Chinthu chimenechi n'chovuta, amalume. Ine ndachiphunzira mochedwa."

Layla anachotsa manja kumaso.

"Amalume, pali china chimene sindinakuuzeni," anatero. "Kamal sanandifunsire mwezi uno. Anandifunsira chaka chatha, Ramadani isanayambe. Ndinamuuza kuti popanda mawu anu palibe ukwati, koma kukuuzani ndinkaopa. Ndimadziwa chimene mumakumbukira mukamva za mwamuna wa kutali. Anzake ankamuseka, amvekere kuno ndi ku Amereka, pitani kumzikiti mukamange ukwati wa nika, amalume adzamva pambuyo. Ngakhale ine tsiku lina ndinatopa, ndinati tiyeni tingotero. Anakana ndi iyeyu."

"Miyezi ingati?" anafunsa Che Abdallah.

"Khumi ndi inayi."

"Mukati ayi lero, ndidzafunsanso chaka chamawa, Inshallah," anatero Kamal. "Koma za wofiirayu sindisintha."

A Tausi anaseka, misozi ili m'maso. Che Abdallah sanaseke. Manyazi anawagwira, ndiponso chisoni, poganiza kuti mwana amene anamulera okha anakhala chaka ndi miyezi iwiri akuopa kuwauza nkhani yabwino.

"Tabwezera kavidiyoko," anatero.

Kamal anabwezera. Ulendo uno Che Abdallah sanayang'ane mpira, sanayang'anenso dzanja. Anayang'ana wonenepa uja. Anamuona akukankha, miyendo ikunjenjemera, mpaka mpata kutseguka. Mcheni atadutsa, wonenepayo anagwa chafufumimba, anthu awiri ali pamsana pake. Kamera inayamba kutsatira wothamangayo, koma m'mphepete mwa chithunzi wonenepa uja ankaonekabe pang'ono. Anali atadzutsa mutu pa udzu, akuyang'ana mnzake akupita kutali.

"Imitsa pamenepo."

Chithunzi chinaima. Che Abdallah anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu anthu amamutama?"

"Kawirikawiri ayi, amalume. Akamutchula ndiye kuti walakwitsa."

Che Abdallah anagwedeza mutu. Anakonza kofia yawo, n'kukhala tsonga monga amakhalira eni mbumba.

"Kamal, uwauze a kwanu ku Khombedza abwere Loweruka la mawa lino. Abwere ndi ankhoswe awo, athu awapeza pano. Asadye kunyumba."

"Alhamdulillah," anatero mnyamatayo. Layla ankangolira, akuti zikomo amalume, zikomo amalume, osatha kunena china.

"Basi, basi, usatinyowetsere foni. Nanga mukamanga ukwati mudzakhala kuti?"

Layla anayang'ana pansi. "Konkuno, amalume. Ntchito zathu zili kuno. Koma tizibwera kudzakuonani."

"Muzibwera," anavomera Che Abdallah. Yankholo ankalidziwa asanafunse.

Foni itazima, a Tausi anathira tiyi, koma amuna awo sanamukhudze. Ankayang'ana matumba asanu ndi limodzi a mpunga amene anali ataunjikidwa kumapeto kwa khonde chikololereni, atafunditsidwa pulasitiki chifukwa m'nyumba munalibe malo. Malo analipo ndithu. Chinalipo chipinda cha Layla, chimene a Tausi ankasesa Loweruka lililonse, ndipo Che Abdallah kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankakana kuti muikidwe ngakhale khasu, ati mwini wake akubwera.

"Mayi," anatero, "mpungawu unyowa pano. Tiulowetse m'chipinda chija."

Che Abdallah anadzuka, n'kuvula mkanjo woyera uja, n'kuupachika pamsomali. Thumba loyamba anakana kuthandizidwa, analinyamula okha.